Kuchotsa Chrome, Kupaka Pulaimala ndi Kumata Foyilo pa Timagalimoto ta Pulasitiki

Kabukuka ndi ka yani

Kabuku kano ndi ka banja limene m'nyumba mwake mwalowa bokosi la kagalimoto kolumikiza wekha. Timagalimoto totere sitibwera tathunthu ngati zidole za m'sitolo. Mukatsegula bokosi mumapeza thupi la galimoto losapenta, matayala, magalasi, ndi tizidutswa tambirimbiri tomwe tidakali pa mafelemu a pulasitiki. Kudula, kusalaza, kupenta ndi kumata, zonsezo ndi zanu. Makampani otchuka pa malonda amenewa ndi AMT, Revell ndi Monogram a ku America, Tamiya ya ku Shizuoka ku Japan, ndi Airfix ya ku Britain. Kwathu kuno mabokosiwa sapezeka wamba. Nthawi zambiri amabwera m'chikwama cha m'bale wochokera ku Johannesburg kapena ku London, apo ayi mwachita kuitanitsa pa intaneti n'kudikira milungu ingapo. Ndiye kadutswa kamodzi kakasungunuka m'mankhwala olakwika, palibe golosale yomwe mungathamangireko kukagula kena.

Chitsanzo chomwe tiyende nacho ndi Chevrolet Bel Air ya 1957, yomwe AMT ndi Revell onse adatulutsa pa sikelo ya 1/25. Galimoto yeniyeniyo ndi yotalika mamita 5 ndi pang'ono, choncho kagalimoto kake kamakwana masentimita 20. Tasankha imeneyi chifukwa ndi ya zaka zomwe anthu a ku America ankakonda zitsulo zonyezimira mosadziletsa: mabampala akuluakulu, mizere m'mbali monse, mafelemu a magalasi, ndi dzina la galimoto la zilembo zachitsulo. Mukaitha Bel Air, tina tonse sitikuvutani.

Musanagwire kanthu dziwani ichi: kunyezimira sikubisa kanthu. Utoto wosawala ungakwirire pokandika pang'ono, koma chrome ndi foyilo zimaulula chilichonse chili pansi pake, ngakhale kafumbi kamodzi. Nthawi yanu yambiri ithera pa ntchito yomwe pomaliza sidzaoneka n'komwe.

Chonyezimira cha m'bokosi chija

Mwa mafelemu onse a m'bokosi mumakhala imodzi yowala kwambiri. Pamenepo ndi pomwe pali mabampala, mawilo kapu, nyali ndi tizidutswa tina ta injini. Tonse timangoti ndi chrome, koma pa timagalimoto tambiri si chitsulo cholimba chija cha pa bampala yeniyeni. Ku fakitale amayamba apaka pulasitikiyo vanishi, kenako n'kuika felemu yonse m'chipinda chomwe apopamo mpweya wonse, n'kutenthetsa aluminiyamu mpaka asanduke nthunzi. Nthunziyo imakatera pa vanishi uja n'kusiya kachikopa kopyapyala zedi. Choncho pa kadutswa kalikonse pali zinthu ziwiri zosanjikizana: aluminiyamu pamwamba, vanishi pansi. Makampani ena amawonjezeranso vanishi wina pamwamba penipeni. Kumbukirani zimenezi, chifukwa mankhwala ena amadya chapamwamba chokha.

Nanga chinthu chowala kale, uchichotserenji? Pulasitiki imaumbidwa m'chikombole cha mbali ziwiri, ndipo pokumana mbalizo pamatsala kamzere kotumphuka. Pa bampala ya Bel Air kamzereko kamadutsa m'makona momwemo, pomwe diso limayambira kuona. Mukakapala, kuwala kumapita nako limodzi. Podula kadutswa pa felemu pamatsalanso chipsera cha pulasitiki yoyera kapena yotuwa. Guluu naye ali ndi vuto lake: wa timagalimoto, monga Tamiya Extra Thin, amagwira posungunula pulasitiki mbali zonse ziwiri kuti ilowane, ndiye akakumana ndi aluminiyamu amangouma chabe, kadutswa n'kugwa mawa lake. Komanso fakitale imawalitsa felemu yonse mosasankha. Kabuleta kapena jenereta ya injini zimatuluka zikunyezimira, pomwe pa galimoto yeniyeni kabuleta inali chitsulo chotuwa ndipo jenereta inali yakuda. Pomaliza pali vanishi wa pansi uja, yemwe nthawi zina amachita kudikha m'timaenje n'kukwirira timabawuti ndi timizere tomwe oumba adatijambula mosamala.

Komabe musachite phuma n'kuviika felemu yonse. Chrome ya ku fakitale ikakhala yabwino, n'kovuta kuti pakhomo mupange yoposa pamenepo. Mawilo kapu osalala asiyeni. Ingothirani utoto wakuda wosungunula kwambiri m'timizere take kuti aoneke akuya. Poti pamatidwe, palani ndi nsonga ya mpeni mpaka pulasitiki ioneke. Chipsera chaching'ono chobisika kunsi chidontheni ndi cholembera cha chrome, basi. Chotsani pokhapo pomwe pali chilema chooneka, kapena pomwe galimoto yeniyeni sinkawala.

Mankhwala ochotsera

Oyamba ndi omwe ali kale pakhomo: Jik, kapena bulichi wina aliyense wochapira zoyera. Thirani m'kabotolo kagalasi kapena m'kontena yapulasitiki, muponyemo tizidutswa, muziyang'ana. Pa timagalimoto tina aluminiyamu amazimirira mukuona, mphindi zochepa chabe. Pa tina pamafunika maola, makamaka ngati pali vanishi wapamwamba. Tizidutswa timakonda kuyandama, ndiye muzititembenuza ndi kamtengo. Vuto la bulichi n'lakuti kawirikawiri amasiya vanishi wa pansi. Kadutswa kamatuluka kosawala ngati chitsulo, koma mukakayang'anitsitsa pa kuwala kamakhala kakung'anima, ndipo m'makona mumaoneka zachikasu. Ameneyo ndi vanishi, sanachoke. Ngati ndi wopyapyala komanso wosalala mukhoza kupenta pamwamba pake. Ngati wadikha, pitani ku mankhwala achiwiri.

Achiwiriwo ndi a kositiki soda. Amapezeka m'mankhwala opopera otsukira uvuni, monga Easy-Off wa ku America ndi ena ofanana naye. Werengani pachitini ngati palembedwa sodium hydroxide, chifukwa mitundu ina yofatsa ilibe. Ikani tizidutswa m'jumbo yosabooka, poperani thovu mpaka timire, mangani kukamwa kuti lisaume, musiye usiku wonse. M'mawa kwechani ndi mswachi wakale. Aluminiyamu ndi vanishi zimachokera limodzi. Ngati mulibe wopopera, kositiki soda wamibulu yemwe amapangira sopo amagwiranso ntchito: supuni imodzi yaikulu pa theka la lita ya madzi ozizira. Soda ndiye amapita m'madzi, pang'onopang'ono, osati madzi kuthira pa soda. Madziwo amatentha okha, choncho dikirani azizire musanaikemo pulasitiki, kuopa kuti ingapindike. Musayerekeze kusungunulira m'poto kapena m'sefuliya ya aluminiyamu. Soda yemwe akudya chrome ya kagalimoto ndi yemweyo adye poto wa amayi, ndipo potero amatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umayaka. Pa chifukwa chomwecho chivindikiro cha botolo musachimange kwambiri.

Vanishi wamakani wotsalira m'makona amafewa mukamuviika mu isopropyl alcohol wamphamvu, wa 90 peresenti kapena kuposa, yemwe amapezeka m'mafamase ena. Kenako mumamutokosa ndi chotokosera m'mano.

Mudzamvanso za Coca-Cola. Zoona, nthawi zina amachotsa aluminiyamu, koma mwaulesi, masiku angapo, ndipo vanishi samugwira. Ena amatchula mafuta a mabuleki. Amachotsa utoto ndithu, koma pulasitiki ina imatuluka yofooka, yosachedwa kuthyoka; pa bokosi lomwe lawoloka nyanja kuti likupezeni, ife sitingakulangizeni zimenezo. Zomwe simuyenera kuyandikiza n'komwe ndi thinazi wa opopera magalimoto, acetone wochotsera penti wa m'zikhadabo, petulo, ndi mankhwala ochotsera penti pa zitseko ndi mawindo. Pulasitiki ya timagalimotoyi ndi polystyrene, ndipo zimenezi zimaisungunula mpaka kusanduka phala. Musaviikenso mu soda timagalimoto tachitsulo togula tothaitha kale, chifukwa chitsulo chake chimadyeka.

Mankhwala alionse, yambani mwayesa pa kachidutswa ka felemu yomweyo. Felemu ndi pulasitiki imodzimodzi, chrome imodzimodzi, ndipo ikawonongeka palibe wolira.

Mukamaliza tsukuluzani ndi madzi ambiri, kenako sopo wotsukira mbale ndi mswachi, n'kutsukuluzanso. Chitirani zimenezi m'beseni, tizidutswa tili m'kasefa. Kabuleta ya pa sikelo ya 1/25 ndi yaing'ono kuposa njere ya chimanga. Ikaterereka pa sinki yotsegula yapita.

Za ana, maso ndi mapapo

Gawo ili musalidumphe, chifukwa ntchitoyi imachitikira pakhomo pomwe pali ana, nkhuku ndi chakudya.

Bulichi asasakanizidwe ndi china chilichonse. Akakumana ndi viniga, kapena mankhwala a asidi otsukira m'chimbudzi, amatulutsa mpweya wa chlorine. Akakumana ndi mankhwala okhala ndi ammonia, monga ena otsukira magalasi, amatulutsanso mpweya woipa womwe umabanikitsa ndi kupsereza mapapo. Ngati bulichi walephera ndipo mukufuna kuyesa china, tsukani kaye tizidutswa ndi botolo lomwe.

Kositiki soda ndi wachinyengo. Akagwera pakhungu sawawa nthawi yomweyo. Chala chimangomveka choterera ngati chapakidwa sopo, koma kutererako ndi khungu lomwe likudyeka. Valani magolovesi a labala ndi magalasi otchinga maso, makamaka pokwecha ndi mswachi, poti timadontho timathamanga osaoneka. Akalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, kenako thamangani kuchipatala. Mwana akamwa, musamusanzitse, chifukwa pobwerera amapserezanso kummero kachiwiri. Mutengereni kuchipatala msanga, chitini cha mankhwalawo chili m'manja kuti adokotala aone.

Ndipo chonde, madzi a soda kapena a bulichi asathiridwe m'botolo la Fanta kapena la Sobo, ngakhale kwa ola limodzi. Madzi a soda ndi oyera mbee, mwana waludzu sangawasiyanitse ndi akumwa. Lembani pa kontena, muike pamwamba kapena mokhoma. Otsala asungunuleni ndi madzi ambiri musanataye, kutali ndi chitsime ndi dimba. Kontena ndi supuni zomwe zagwira ntchitoyi zisabwererenso kukhitchini.

Utoto wopopera nawo upoperedwe panja kapena pakhonde, kutali ndi mbaula, kandulo ndi wosuta fodya. Masiki wansalu amatchinga fumbi la utoto pang'ono chabe, mpweya wa thinazi umadutsa. Mwana akhoza kukwecha ndi sandipepa, kusankha mtundu wa utoto ndi kusisita foyilo. Mankhwala ndi mpeni ndi za wamkulu.

Kusalaza ndi kukonza musanapope

Kadutswa kakakhala pulasitiki yokhayokha, palani kamzere ka chikombole kaja ndi mpeni woimika chilili, osati modula ayi, koma mokokera cham'mbali. Tsatirani ndi sandipepa wa m'madzi, yemwe ogulitsa penti wa magalimoto amakhala naye: yambani ndi 600, kenako 800 kapena 1000, ndipo pa bampala pitirizani mpaka 2000. Muzinyowetsa. M'timaenje tofunika kudzaza ikani pate wa timagalimoto pang'ono, mudikire aume, musalazenso.

Thupi la galimoto nalo lili ndi timizere ta chikombole, kawirikawiri pamwamba pa madigadi ndi m'mbali mwa denga. Samalani kuti posalaza musafufute zilembo za Bel Air kapena timizere ta chitsulo cha m'mbali; tchingani ndi tepi.

Pali kantchito kena komwe ambiri amakakumbukira mochedwa. Tengani mpeni, muutembenuze kuti nsonga iyende chammbuyo, muulondoleze m'mphepete mwa felemu ya windisikirini, ya magalasi a m'mbali ndi mzere wonse wa chitsulo cha m'mbali. Osakanikiza, kokani mopepuka kangapo mpaka papangike kangalande kakang'ono. Utoto ukadzasanjikizana kanayi kapena kasanu, m'mphepete mosakumba mumakwiririka, ndipo tsiku lodula foyilo mpeni umasowa njira n'kuthawira pa chitseko chopenta kale. Kangalande kameneka ndiko kadzautsogolere.

Zikatha, tsukani zonse ndi sopo wa mbale kuti muchotse fumbi ndi mafuta a m'manja. Zisiyeni ziume zokha pamthunzi, ndipo kuyambira pamenepo muzigwira m'mphepete mokha.

Pulaimala

Amisiri omanga amadziwa kuti laimu sakonza khoma lomwe pulasitala wake ndi wokhota. Pulaimala nayenso sakonza pulasitiki yosasalazidwa, koma amakuonetsani pomwe pali vuto nthawi ikadalipo. Pulasitiki yoyera imanamiza maso. Ikangotuwa ndi pulaimala, timizere ndi timaenje tonse timaonekera. Amathandizanso utoto kugwira, ndipo amatchinga pulasitiki ku ukali wa utoto wa pamwamba.

Opangidwira ntchitoyi ndi monga Tamiya Fine Surface Primer ndi Mr. Surfacer, onse a ku Japan. Pa Mr. Surfacer nambala ikamakwera, monga 1000, 1200 ndi 1500, ndiye kuti ndi wosalala kwambiri. Ngati mukugwiritsa ntchito wa m'hadiweya kapena wa magalimoto enieni, chenjerani: ena ali ndi thinazi waukali yemwe amakwinyatitsa pulasitiki, ena ndi okhuthala moti chogwirira chitseko chimakwiririka. Yesani kaye pa felemu, kapena pa supuni yoyera yapulasitiki ya chakudya cha tekiawe. Zambiri mwa izo ndi polystyrene, ndipo zina zimalembedwa PS kapena nambala 6.

Mtundu wa pulaimala ukhale wogwirizana ndi zomwe zikubwera pamwamba. Wotuwa ndi wa ntchito zambiri. Woyera ndi wa pansi pa utoto woyera, wachikasu kapena wofiira, apo ayi mtunduwo umatuluka wachimbuuzi. Kagalimoto koumbidwa ndi pulasitiki yofiira nthawi zina kamalowetsa kufiira kwake mu utoto woyera n'kuusandutsa pinki, ndiye pamenepo yambani ndi wotuwa kapena siliva, woyera abwere pambuyo.

Khutchumulani chitini kwa mphindi ziwiri zathunthu. Kukazizira chiimikeni m'madzi ofunda, ofunda chabe oti dzanja likhalemo bwinobwino; pamoto ayi, chimaphulika. Mangirirani thupi la galimoto pa hang'ala yawaya yopinda, tizidutswa ting'onoting'ono pa timitengo tokhala ndi tepi. Chitini chikhale masentimita 20 mpaka 25 kuchoka pa galimoto. Yambani kupopa musanafike pa galimoto, dutsani, mulekere mutapitirira, dzanja lisaime pakati. Ulendo woyamba ndi kamkungudzi chabe, pulasitiki izionekerabe. Dikirani mphindi 10 kapena 15, mubwerezenso. Maulendo awiri kapena atatu opepuka amaposa umodzi wonyowa, womwe umayenderera n'kukaundana kunsi kwa chitseko. Mukatalikitsa chitini mopitirira, utoto umauma uli m'malere n'kutera ngati mchenga.

Nyengo yathu ili ndi mbali yake. Mu Okutobala mdani ndi fumbi ndi kamvuluvulu: popani m'mamawa mphepo isanadzuke, wazani madzi pansi, ikani galimoto m'katoni yogoneka cham'mbali, ndipo mukangomaliza ivundikireni ndi beseni loyera, mutatsamiritsa pa kamwala kuti mpweya uzituluka. Nthawi ya dzinja kapena tsiku la chiperoni, chinyezi chimachititsa utoto wina kuyera ngati wagwidwa nkhungu. Tsiku lotero chitani ntchito ina. Padzuwa musayanikepo. Denga lopyapyala la kagalimoto limapindika, ndipo windisikirini sidzakwananso.

Mawa lake yang'anitsitsani pa kuwala kochokera cham'mbali. Pomwe pali chilema salazani, mupopenso. Pakakhala bwino, sisitani thupi lonse mopepuka ndi sandipepa wonyowa wa 1500 kapena 2000, kenako utoto weniweni. Lamulo lake n'lakuti utoto wa lacquer usapite pamwamba pa enamel, chifukwa umamudzutsa n'kumukwinyatitsa. Enamel amatenga sabata kapena kuposa kuti alimbe. Nunkhizani: ngati fungo la utoto likadalipo, sunaume mkati, ngakhale chala chikuti wauma. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo foyilo yomatidwa pa utoto wofewa imadzatuluka ndi utoto womwewo.

Kubwezera kuwala pa bampala

Apa ndi pomwe pamafunika kulankhula zoona. Siliva wopopera wa m'hadiweya, ngakhale chivindikiro chake chiziwala bwanji, amatuluka wotuwa ngati aluminiyamu. Ndi wabwino pa kabuleta, giyabokosi ndi ekizozi, koma bampala sangaipange chrome. Njira yodalirika ndi kupaka kaye utoto wakuda wowala kwambiri, wosalala mopanda banga, n'kupopera pamwamba pake Alclad II Chrome mopepuka zedi ndi kamfuti kopopera ka airbrush. Kuya kwa chrome kumachokera ku kuda kwa pansiko; mukachulukitsa Alclad mumabwerera ku siliva wamba. Amene alibe kamfutiko agule cholembera cha Molotow Liquid Chrome, cha ku Germany, chomwe chimabwera ndi nsonga za 1, 2 ndi 4 mm. Inki yake imafuna kuikidwa yonyowa, ulendo umodzi, osabwerezabwereza pamodzimodzi. Isiyeni masiku angapo osaigwira, ndipo ngakhale itauma zala zimaizimitsa. Vanishi wambiri amaphanso kuwala kwa zonse ziwirizi, choncho bampala imatidwe pomalizira penipeni.

Foyilo

Mizere ya chitsulo ya pa thupi la galimoto idaumbidwira kumodzi ndi thupilo, ndipo ikapentedwa imatenga mtundu wa galimoto. Mukhoza kuilemba ndi burashi ndi siliva, koma dzanja limanjenjemera ndipo utoto umaonekabe kuti ndi utoto. Foyilo ndi chitsulo chenicheni, n'chifukwa chake imakhutiritsa diso.

Yodziwika kwambiri ndi Bare-Metal Foil, ya kampani ya ku Michigan ku America: pepala la chitsulo chopyapyala chokhala ndi guluu kale kumsana kwake. Ilipo ya mitundu ingapo, monga Chrome, Ultra Bright Chrome, Matte Aluminum, yagolide ndi yakuda. Woyamba kumene atenge Chrome wamba. Ultra Bright imawala kwambiri koma ndi yolimbirapo, simvera m'makona. Pa Bel Air mufunikanso ziwiri zina ngati mukufuna kutsata galimoto yeniyeni: chigamba cha timizere cha pa madigadi akumbuyo chinali aluminiyamu wosawala kwambiri, ndipo zilembo za dzina lake zinali zagolide. Pepalalo lisungeni logona pakati pa makatoni awiri. Likapindidwapindidwa limachita timing'alu ndipo limaduka pomatula.

Zida zake ndi zochepa: mpeni wa nsonga wa nambala 11, kaya wa X-Acto kaya kampeni ka opaleshoni kogula ku famase, rula yachitsulo, kapani kotolera tinthu ting'onoting'ono, thonje la pa kamtengo lotokosera m'makutu, zotokosera m'mano, ndi kansalu kofewa. Mpeni ukhale watsopano, wosadulapo china chilichonse. Wobuntha pang'ono chabe umakoka foyilo n'kuing'amba m'malo moidula.

Tiyeni timate felemu ya windisikirini. Musayese kuzungulira ndi chidutswa chimodzi. Dulani tinayi, kapamwamba, kapansi ndi ta m'mbali tiwiri, kalikonse kotambalala ndi kotalika kuposa pomwe kakupita ndi mamilimita awiri kapena atatu mbali iliyonse. Podula pa pepala, mpeni udule chitsulo chokha, pepala la pansi litsale. Nyamulani kona ndi nsonga ya mpeni, kokani pang'onopang'ono kuti kasadzipinde, ndipo kumsana kwa guluu kusakhudzidwe ndi chala. Kagonekeni pa felemu, mukanikize pakati pokha ndi chala. Kenako thonje lija: sisitani kuchokera pakati kupita kunja, ndipo muona maonekedwe a felemu akutumphuka pansi pa chitsulo. Tengani chotokosera m'mano, mubunthitse nsonga yake pa sandipepa, muchiyendetse m'kangalande kaja mudakumba. Mukamaliza pamaoneka mzere woonekeratu pomwe chitsulo chikuthera.

Tsopano kudula. Gwirani mpeni chakumapeto kwa chogwirira, mougoneka pang'ono, nsonga ikhale m'kangalande. Musakanikize. Kulemera kwa mpeni wokha n'kokwanira. Mukawonjezera mphamvu mudula utoto mpaka pulaimala. Tsamiritsani chigongono patebulo, kokani molunjika kwa inu, ndipo pofika pokhota tembenuzani galimoto, osati dzanja. Nyamulani chotsala ndi chotokosera m'mano, muchikokere kutali ndi felemu. Chikakana penapake, musalimbane nacho, bwererani ndi mpeni pamenepo. Mbali ya mkati ipindireni m'kati mwa windo, kenako sisitaninso zonse ndi kansalu mpaka ziwale. Polumikizana tizidutswa tisanjikizane pang'ono pa kona. Mukasisita bwino mpata suoneka.

Pakachita makwinya kapena pang'ambika, matulani muyambirenso. Ubwino wa foyilo ndi umenewo, simawononga utoto wouma. Guluu wotsalira pa utoto amachoka ndi polishi wa galimoto pang'ono pa thonje, thinazi asayandikire.

Mzere wautali wa m'mbali ndi wosavuta kuposa windisikirini, bola mpeni ukhale wakuthwa. Ngati dzanja simulikhulupirira, matani tepi m'mphepete kuti mpeni uzitsamira pamenepo. Zogwirira zitseko ndi mawaipa oumbidwira pa thupi zimafuna kachidutswa kakang'ono ndi kusisita kwambiri. Bampala yathunthu ndiye yovuta, chifukwa imakhota mbali ziwiri nthawi imodzi ndipo foyilo simatambasuka mokwanira; pamenepo utoto wa chrome umapambana.

Zilembo za dzina la galimoto n'zazing'ono moti simungadule mozungulira chilembo chilichonse. Akatswiri amachita motere: amamata foyilo pa zilembozo utoto womaliza usanapopedwe, n'kuidula pafupi kwambiri ndi dzinalo. Akapopa utoto, foyilo imakwiririka. Ukauma, amatenga chotokosera m'mano chonyowetsa pang'ono ndi polishi, kapena ndi kadontho ka thinazi wa utotowo, n'kupukuta pamwamba pa zilembo pokha. Utoto umachoka pa zotumphukazo, chitsulo n'kuonekera, pomwe pakati pa zilembo pamakhalabe mtundu wa galimoto. Mipata ya pakati pa zilemboyo ndi yomwe burashi singathe.

Ngati Bare-Metal Foil simungaipeze, foyilo ya kukhitchini imagwira ntchito, ndipo yotchipa yopyapyala ndiyo yabwino kuposa yokhuthala yowotchera nyama. Iyaleni pa galasi, muisalaze ndi kansalu. Imafuna guluu yemwe akauma amakhalabe wonata, monga Micro Metal Foil Adhesive wa kampani ya Microscale: mumapaka mopyapyala kumbali yosawala, n'kudikira mpaka kuyera kwake kuthe, kenako n'kumata monga tafotokozera. Supa guluu ayi, amasiya nkhungu yoyera pa utoto ndi pa magalasi. Guluu womatira nsapato nayenso ayi, amadya utoto ndi pulasitiki yomwe. Foyilo ya kukhitchini imabunthitsa mpeni msanga, ndiye khalani ndi mipeni ina yapadera.

Ngati ili ndi bokosi lanu loyamba, mabampala asiyeni ndi chrome yawo ya ku fakitale. Chotsani ya pa tizidutswa ta injini yokha, ndi bulichi, kuti muzolowere. Pulaimala yesani pa masupuni, foyilo yoyamba mumate pa mzere wowongoka wa m'mbali, windisikirini ibwere dzanja litakhazikika. Ndipo musanakagone lero, onetsetsani kuti kontena ya soda ndi timipeni tonse zili pomwe mwana sangafikire.